Lezala la Azakhali a Rozi

MUTU 7

1. Tsiku lometa

Maliro a bambo ake a Stelia adalowa m'manda Lachisanu, ndipo Lolemba m'mawa kudali kumeta. Ndi momwe amachitira m'mudzi mwawo, chakumunsi kwa mishoni ya Guilleme. Akaika munthu, abale amagona pasiwa masiku angapo, kenaka amameta mpala onse kuti maliro athe, aliyense abwerere ku khasu lake. Ansembe sadaletsepo mwambowu, ndipo akadaletsa ndikukaika ngati akadamveredwa.

Stelia adali mtsikana wa zaka 16, wa Fomu 2 pa sekondale yoyendera. Bambo ake, a Benedicto, adali telala pa khonde la sitolo ina ya pamsika. Ana ambiri a sukulu m'deralo ankavala yunifolomu yotuluka pa makina awo. Adadwala chaka chathunthu ndi miyezi. Chidayamba ndi chifuwa, kenaka m'mimba mosalekeza, mpaka malaya amene adadzisokera okha adayamba kuoneka ngati obwereka.

Chaka chimenecho cha 2005 makasu a adzukulu sankapuma. Koma dzina la matenda amene ankatha anthuwo palibe ankalitchula pamaliro. Ena ankati a Benedicto adapita ndi fumbi la nsalu. Ena ankanong'ona kuti pali telala mnzawo wa nsanje pamsika paja. Anthufe nkhani ikatiopsa timaizungulira ngati mbuzi pachikhomo, udzu n'kutha koma osafika patali.

M'nyumbamo mudatsala anthu atatu: amayi ake a Stelia, a Consolata, Stelia mwini wake, ndi mng'ono wake Luwiza wa zaka zinayi. Luwiza kadali kamwana kolongolola, kosatha mafunso, ndipo Stelia ankakakonda kuposa china chilichonse. Amayiwo nawonso thupi silidali bwino. Chaka chathacho adadwala mashingozi, ndipo tsopano m'mutu mwawo mudatuluka tizilonda timene ankatibisa ndi duku.

"Achemwali, akandimeta tsitsi langa lidzameranso?" Luwiza adafunsa m'mawawo, Stelia akumusukusula.

"Lidzamera lambiri kuposa ili."

"Nanga ababa adzandizindikira?"

Stelia adangomupukuta kumaso, namunyamula kupita naye pabwalo.

Ometa adali azakhali a Rozi, mlongo wawo wamkulu wa malemu. Adali mayi wamphamvu, wosaseka ndi mwambo, komanso wosataya kanthu. Kunyumba kwawo ngakhale chitini chobooka chidali ndi ntchito yake. Adaika mpando pansi pa mtengo wa mango, pambali pake beseni la madzi ndi kachidutswa ka sopo. Kenaka adamasula mfundo ya pa chitenje chawo natulutsa lezala. Lidali limodzi, ndipo lidali litameta kale maliro awiri chaka chomwecho. Pamphasa padakhala anthu asanu ndi anayi akudikira.

2. Zimene adanena bambo Fanuel

Mwa mwambo wa m'mudzimo, woyamba kumetedwa ndi namfedwa, kenaka ana ake kuyambira wamng'ono. A Consolata adakhala pampando, navula duku pang'onopang'ono. Azakhali adapaka sopo nayamba kupala.

Lezala lotopa silimeta, limazula. Litangodutsa kawiri lidakumana ndi kachilonda kuseri kwa khutu. A Consolata adatsinzina osatulutsa mawu. Thovu la sopo lidasanduka lofiira, magazi natsikira m'khosi. Azakhali adangopukuta lezalalo pa chitenje napitiriza.

Luwiza adali pamiyendo pa Stelia akusewera ndi chitsononkho cha chimanga, osadziwa kuti wotsatira ndi iyeyo.

Apo m'pamene Stelia adakumbukira bambo Fanuel, azaumoyo amene adabwera pa njinga kusukulu kwawo teremu yathayo. Adali bambo wa imvi, wochokera kutali ku Ntcheu. Ana adawaseka polowa chifukwa adaiwala kumasula mphira imene adamangira mwendo wa buluku kuopa tcheni. Koma atayamba kuyankhula, kalasi yonse idangoti zii.

"Ana anga," adatero, "ndikuuzeni chilungamo, chifukwa ena akukubisirani. Matenda amene akutha anthuwa dzina lake ndi Edzi, ndipo amayamba ndi kachilombo kotchedwa HIV. Kachilomboka sikauluka. Sikakhala m'mbale, sikakhala m'kapu, sikakhala m'manja mopatsana moni. Munthu wodwala mudye naye, mumuchapire, mumutengere madzi, mumuseketse. Amene amathawa m'bale wake wodwala ndi wopusa, ndiponso ndi wankhanza.

"Za kugonana aphunzitsi anu akuuzani kale, ndipo ine ndingoonjezera kuti nthawi yanu siinakwane, dikirani. Lero ndabwerera za magazi. Singano imene yabaya wina isabaye inu. Lezala limene lacheka wina lisakhudze khungu lanu, kaya ndi potema mphini, kaya ndi powenga zikhadabo, kaya ndi pometa. Musanene kuti uyu ndi m'bale wanga, kapena kuti akuoneka wonenepa. Magazi a munthu sawaona ndi maso, amawaona poyeza kuchipatala. Ndipo tsiku lina mukadzaona choipa chikubwera, musadzadikire kuti ayankhule wina. Wamva m'mimba ndiye amatsekula chitseko."

Tsiku lija Stelia adalemba mawuwo kuseri kwa kope la sayansi, poganiza kuti mwina adzabwera pa mayeso. Mayesowo adamupeza pansi pa mtengo wa mango.

3. Stelia akana

Azakhali adamaliza mutu wa a Consolata, naviika lezala m'beseni kamodzi kokha.

"Bweretsa mwanayo," adatero.

Stelia adadzuka, koma kumpando sadapite. Adamuika Luwiza kumbuyo kwake, nagwada mwaulemu.

"Azakhali, pepani. Luwiza asametedwe ndi lezala limenelo."

Amayi amene ankasenda mtedza pakhonde adaleka. Abambo amene ankacheza za mtengo wa feteleza adadukiza nkhani yawo.

"Wati chiyani?"

"Ndati asametedwe ndi lezala limenelo. Lili ndi magazi."

Azakhali adaika manja m'chiuno, lezala lili pakati pa zala.

"Iwe mwana, tandimvera bwino, chifukwa sindibwereza. Mwambo uwu sunayambe ndi ine. Amayi anga atamwalira tidameta anthu makumi awiri ndi lumo limodzi lonola pamwala, ndipo palibe adafa nalo. Lezala limakhala limodzi chifukwa maliro ndi amodzi, magazi ndi amodzi, ndife anthu amodzi. Wokana kumeta amasenza maliro pamutu pake. Amapita nawo kumunda, amapita nawo kumadzi, ngakhale kusukulu kwakoko. Mzimu wa bambo ako ukufuna kupuma, iwe ukuutsekera njira. Ku sukulu tidakutumiza kuti ukaphunzire kuwerenga, osati kuti udzatiphunzitse kulira m'bale wathu. Tsono undiuze pompano, anthu onsewa akumva. Magazi ali apawa ndi a mayi ako. Ukuti mayi ako ali ndi chiyani?"

Funso limenelo lidali msampha, ndipo azakhali adadziwa chimene adatchera. Stelia adayang'ana amayi ake. Adali atabwerera pamphasa, atawerama, manja ali pa maondo. Kutchula matendawo pagulu kukadakhala kuwavula pamaso pa alamu awo onse. Kukhala chete kukadakhala kupereka Luwiza ku lezala. Stelia adachita mantha, koma dzanja la mng'ono wake sadalisiye.

"Sindikuti amayi ali ndi kanthu, azakhali. Ine sindine dokotala. Magazi a amayi sindiwadziwa, anu sindiwadziwa, ngakhale angawa sindiwadziwa. Palibe pano amene akudziwa a mnzake. N'chifukwa chake ndikupempha kuti aliyense amete ndi lake. Kumeta sindikukana ayi. Ngakhale nsidze mundimete."

Amayi ena adaseka, nabisa pakamwa ndi chitenje. Azakhali sadaseke.

"Aliyense lake! Ukuyesa malezala amayanga ngati maungu? Pano palibe wochoka pasiwa asanamete, ndipo msika uli kutali. Uwatenga kuti?"

Stelia ankadziwa kumene angawatenge, koma kumeneko kudali vuto lina.

4. Kabokosi ka pansi pa makina

Telala aliyense amasunga malezala. Ndi amene amaphwasulira msoko akalakwitsa, ndi amene amang'ambira mabowo a mabatani. A Benedicto ankasunga awo m'kabokosi ka pansi pa makina. Stelia ankawathandiza kusoka mabatani Loweruka lililonse, choncho ankadziwa kuti mudatsala paketi yosatsekula.

Koma makinawo adali atafunditsidwa nsalu ndi kumangidwa chingwe kuyambira tsiku la imfa. Katundu wa malemu sakhudzidwa mpaka kumeta kutatha, abale atakhala pansi n'kukambirana. Wokhudza msanga amatchedwa wakuba, ndipo dzina limenelo silichoka ndi sopo.

Stelia adalowa m'nyumba atamugwira Luwiza dzanja. Sadafune kumusiya panja ngakhale kamphindi. Adamasula chingwe natsekula kabokosi. Fungo la mafuta a makina lidamukumbutsa bambo ake, misozi idalengeza, koma nthawi yolira padalibe.

"Achemwali, akukalipirani," Luwiza adanong'ona.

"Andikalipire. Kukalipa sikupha munthu."

Adatenga paketi yokhayo, namanganso chingwe momwe chidalili. Potuluka adainyamula m'mwamba kuti aliyense aione.

"Mayo ine!" azakhali adakuwa akuwomba m'manja. "Mwaona? Mlongo wanga dothi silinaume pamanda pake, mwana wayamba kale kufunkha katundu! Lero malezala, mawa makina!"

Amene adayankha adali atsibweni a Mateyu, mchimwene wawo wa a Consolata, mlimi wa fodya amene adapalasa njinga kuchokera ku Mkanda. Adali munthu wa mawu ochepa. Masiku onse a maliro ntchito yawo idali kuwaza nkhuni, moti ena adali atayesa kuti ndi osayankhula. Adatsokomola, navula chipewa.

"Alamu, ndiloleni ndiikepo mlomo. Ine sukulu sindidapite nayo patali, koma manda ndawaona. Ana anga aamuna awiri agona ku Mkanda, onse anyamata amphamvu zawo. Woyamba tidati adamulodza anzake ku Chipata kumene ankachita geni. Wachiwiri tidasowa womunamizira. Tinkameta, n'kubwerera kunyumba kukadikira kuti wotsatira ndani.

"Mwambo ndimaulemekeza, alamu, ndipo mutu wangawu muumeta lero lomwe. Koma makolo adatisiyira kumeta, sadatisiyire lezala ili. Mwanena nokha kuti iwo ankameta ndi lumo lonola pamwala. Ife tidalitaya titaona la kusitolo, ndipo mizimu siidakwiye. Matenda awa makolo sadawaone. Akadawaona akadasintha okha, chifukwa sadali opusa. Tsono za kubazo, malezala a malemu akameta ana a malemu, waba ndani? Mwanayu watulutsa poyera, tonse tikuona. Wakutsina khutu ndi mnansi, ngakhale akhale mwana wobadwa dzulo."

Pamphasa paja mitu ingapo idagwedezeka kuvomereza. Ena mwa ogwedezawo adali abale a azakhali omwewo, amene adaona magazi aja bwinobwino koma aliyense ankadikira kuti ayambe mnzake.

Azakhali adaona kuti atsala okha. Adatambasula dzanja osamuyang'ana Stelia kumaso. Mu paketimo mudali malezala asanu. Stelia adawathyola pakati ali m'timapepala take, monga ankachitira bambo ake, ndipo zidutswazo zidakwanira onse. Adakhuthula madzi ofiira aja, natunga ena, nathira azakhali m'manja kuti asambe ndi sopo. Adasamba, koma nkhope ili ndwii.

Luwiza adametedwa ndi chidutswa chatsopano. Adalira pang'ono chifukwa cha madzi ozizira, kenaka adayamba kusisita kampala kake akuseka. Mtima wa Stelia udakhala pansi. Adatola kachitini, naponyamo chidutswacho pamodzi ndi lezala lakale lija kuti akataye m'chimbudzi. Kenaka adapita kukakhala pampando, poti wotsatira adali iye.

"Iwe ayi," adatero azakhali. "Dzanja langa silikhudza mutu wako. Akumete amene adakuphunzitsa nzeruzo. Wina abwere."

Mawu amenewo adamupweteka Stelia kwambiri. Azakhali omwewa ndi amene ankamubereka kumbuyo ali wakhanda, ndi amene adamugulira nsapato zake zoyamba. Adadzuka, naima pambali ndi kachitini kake. Wina akatha kumetedwa, Stelia ankalandira chidutswa chakale n'kupereka chatsopano, mpaka onse adatha.

5. Amayi ayankhula

Dzuwa litafika pamutu, pabwalo ponse padali mipala yokhayokha. Wa tsitsi adatsala Stelia yekha, ndipo aliyense ankadziwa tanthauzo lake. Mwana wa malemu wosametedwa ndi mwana wokanidwa. Azakhali adasamba m'manja nakakhala pakhonde atafulatira.

Pamenepo a Consolata adadzuka. Chiyambire maliro sadanenepo mawu opitirira awiri. Adasamba m'manja ndi sopo, natola chidutswa chatsopano pa kapepala kake.

"Khala apa, mwana wanga."

Ena adang'ung'udza kuti namfedwa sameta anthu, koma palibe adawagwira dzanja. Atsibweni a Mateyu adanyamula nkhwangwa yawo nabwerera ku nkhuni, ndipo anthu adayamba kubalalika.

Dzanja la amayi lidali lopepuka. Adawerama pafupi ndi khutu la Stelia, nayankhula motsitsa kuti amve yekha.

"Usatembenuke, ndingakucheke. Ungomvetsera. Funso lija anakufunsa azakhali ako, yankho lake ndili nalo ine. Bambo ako adakayezetsa ku Boma mwezi wa Febuluwale, ndipo adawapeza nako kachilombo. Adandiuza akulira, nandipempha kuti nanenso ndipite. Adati kwabwera mankhwala otalikitsa moyo, koma iwo adachedwa, thupi lidali litatha kale. Ine ndidaopa. Ndidaopa milomo ya anthu, ndidaopanso kumva ndi makutu angawa.

"Lero ndinakhala pampando pano, ndikuona magazi anga pa lezala, ndikudziwa kuti wotsatira ndi Luwiza. Koma pakamwa panga sipanatseguke. Mayi ine, ndinali wokonzeka kuonerera. Wayankhula ndiwe, mwana, n'kunditchinjirizanso ine pamwamba pake. Ndachita manyazi, Stelia, ndipo manyazi otere sindifuna kudzawachitanso."

Tsitsi linkagwera pamapewa a Stelia, misozi ikutsika, koma mutu sadausunthe. Zimene ankaziganizira yekha miyezi yonseyi tsopano adazimva ndi makutu. Zidamuwawa, komabe adakondwa kuti amayi ake asiya kubisa.

"Mawa m'mamawa ndikupita ku Boma," amayi adapitiriza. "Ndiwapempha atsibweni ako asabwerere lero ku Mkanda, anditengeko pa njinga mpaka pamsewu. Pamenepo ndikakwera minibasi. Anene anene anthu, ine ndikayezetsa."

"Simupita nokha, amayi. Ndikuperekezani. Kusukulu ndikapepesa Lachitatu. Nanga Luwiza timusiya ndi ndani? Azakhali sangamulandire lero."

Lezala lidaima pamutu pa Stelia. Amayi adaweramanso napitiriza motsitsa.

"Luwiza sitimusiya. Kuchipatala adawauza bambo ako kuti kachilomboka nthawi zina kamadutsa kwa mayi kupita kwa mwana, pobadwa kapena poyamwa. Si ana onse amene amatenga. Koma mwana uja adayamwa bere langali zaka ziwiri zathunthu, ndipo ine sindidziwa kuti ndinali bwanji nthawi imeneyo. Akayezedwe nayenso. Akakhala alibe, tidzathokoza Mulungu. Akakhala ali nako, ayambe chithandizo msanga. Tisachedwe naye ngati momwe adachedwera bambo ake."

Stelia adakweza maso osasuntha mutu. Luwiza adali kuseri kwa nkhokwe akuthamangitsa anapiye, kampala kake kakuwala padzuwa, akuwakalipira kuti aime awawerenge. Mantha amene adamugwira Stelia pamenepo adaposa a m'mawa aja. Adafuna kuthamanga, kukamunyamula mwanayo ndi kumubisa kwinakwake, koma adadziwa kuti kubisa n'kumene kudawatengera bambo ake kumanda.

Adapukuta misozi ndi kuseri kwa dzanja, nawongola msana.

"Malizani kundimeta, amayi," adatero. "Ndikachape diresi lake la kutchalitchi kuti liume dzuwa lisanalowe."